Utsi M'chipinda Chokhoma cha Kenny

Kashopu ka Alefa kanali kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Limbe, pakakhonde kopapatiza kamene anthu ambiri ankadutsa osakaona. Ntchito yake inali yomanga makompyuta. Munthu ankabwera n'kufotokoza zimene akufuna kumachita, ndipo Alefa ankasankha zipangizo chimodzichimodzi, kuzilumikiza, n'kumupatsa makina oti palibe sitolo imene akanawapeza ali choncho. Ankanyadira kuti makina otuluka m'manja mwake sabwerera.

Loweruka lina chakumasana, akupukuta fumbi m'kompyuta ya mphunzitsi wina, foni yake inalira. Anali a Ayman, amene ankaitanitsa zipangizo kuchokera kunja ndipo Alefa ankagula kwa iwo.

"Achemwali, muli panokha?" anafunsa a Ayman, mawu ali pansipansi.

"Ndili ndekha. Kwagwanji?"

"Mapawa sapulayi aja munatenga kwa ine, a bokosi lofiira aja. Kampani yake yatumiza uthenga kuti onse abwezedwe. Akuti muli kachipangizo kena m'kati kamene kanapangidwa molakwika. Makina akagwira ntchito yolemera kwa nthawi yaitali, kamatentha mpaka kuphulika. Kunjako ena ayaka kale moto."

Alefa anaika bulashi pansi. Pawa sapulayi ndi kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zipangizo zonse za m'kompyuta. Kakafa iko, nthawi zina kamafa ndi zinzake.

"Uthengawo wabwera liti?"

"Masiku apitawa. Sindinauone msanga. Koma tamverani, tisachite phokoso. Lolemba mudzangowauza makasitomala anu kuti mukufuna kuwapukutira fumbi, tidzasintha mwakachetechete. Nkhani ngati iyi ikamveka mu Limbe muno, ine ndi inu tatha."

Maso a Alefa anali pashelefu, pamene pawa sapulayi imodzi ya mtundu womwewo inali ikadali m'bokosi lake. Ina anaiika m'kompyuta ya ofesi ina m'tauni, ndipo Loweruka kumeneko kumakhala kotseka, makina onse ozima. Inatsala ya Kenny.

Kenny anali mnyamata wa ku Chilobwe wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Atabwera kudzamangitsa kompyuta, ankafuna kuti agwiritse ntchito pawa sapulayi yake yakale. Alefa ndi amene anakana. Anamuuza kuti khadi ya zithunzi imene wasankha, chipangizo chothandiza kompyuta pa ntchito ya mavidiyo, ndi yadyera pamagetsi, yakaleyo singakwanitse, ndipo anamutulutsira ya bokosi lofiira n'kumutsimikizira kuti imeneyo adzaiwala kuti ilimo.

Anadula foni ya a Ayman n'kuimbira Kenny. Inalira mpaka kudula yokha. Anaimbanso. Chimodzimodzi. Atatsegula kuti amulembere uthenga, anaona chithunzi chimene Kenny anaika m'mawa womwewo kuti anzake aone. Chinali cha kompyuta ija ili patebulo pake, magetsi ake abuluu akuwala, ndipo pansi analemba kuti: "Ine ndili ku ukwati, mnzangayu akumaliza vidiyo yekha kunyumba."

Kumaliza vidiyo ndi ntchito yolemetsetsa imene kompyuta imeneyo inkagwira. Ndipo inayamba m'mawa.

Alefa anayesa nambala ya Salome, mkazi wa Kenny, imene anali nayo kuchokera tsiku limene anakasiya makinawo. Inali yozima. Anakumbukira kuti Salome ndi amene amagwira kamera yachiwiri pa maukwati. Anakumbukiranso china: m'nyumbamo munkakhala mayi ake a Kenny, a Constance, amene anagwidwa ndi sitiroko ndipo mwendo ndi mkono wakumanja sizinkagwira ntchito. Tsiku lija anangowamva akutsokomola kuchipinda, sanaonane nawo.

Anakoka chitseko cha shopu, n'kukhoma, n'kuthamangira kumsewu.

Kumsewu kunali kodzaza ngati mmene Limbe imakhalira Loweruka. Maminibasi anali atapanikizana, oitanira akukuwa, mavenda atayala katundu mpaka m'mphepete mwa phula. Minibasi yodikira kudzaza sakanaipirira. Anakodola wakabaza wa njinga yamoto.

"Chilobwe, achimwene. Kumtunda kwa msika. Muthamange."

"Kuli matenda, asisi?"

"Tiyeni basi!"

Anadutsa Kanjedza njingayo ikupinda pakati pa magalimoto, Alefa atagwira chitsulo chakumbuyo ndi dzanja limodzi, linalo likuimbabe foni. Kenny sankayankha. Anamulembera uthenga wa mawu ochepa, koma unakhala osawerengedwa. Cha ku Chimwankhunda anapeza mdipiti wa magalimoto a ukwati wina atatseka msewu, malipenga akulira, atsikana atatulutsa mitu pamawindo. Wakabaza anakhotera m'kanjira kafumbi, nadutsa kuseri kwa mipanda, pafupi kugunda nkhuku ndi mayi wosenza makala amene anawatukwana mpaka anazimiririka.

Alefa ankangoyang'ana kumtunda, m'munsi mwa phiri la Soche, kufunafuna utsi pakati pa madenga. Utsi unalipo wambiri, wa mbaula ndi wa zinyalala. Sakanadziwa kuti wake ndi uti.

Nyumba ya Kenny inali ya njerwa zosapaka, mpanda wake wa kapinga. Inali chiimire, ili phee. Alefa anapuma mwamphamvu. Anatsika, n'kulipira wakabaza, n'kulowa pampanda.

"Odi! Odi kuno!"

Panalibe woyankha. Chitseko chakumaso chinali chongotsekedwa, chosakhoma. Anachikankha n'kulowa pabalaza. Kumanzere kunali chipinda chimene Kenny ankagwiriramo ntchito, ndipo pachitseko chake panali loko wamkulu. Kumanja, moyang'anana nacho, kunali chipinda chotsegula, ndipo pabedi panali mayi wachikulire atatsamira mapilo, wailesi ili pambali pake.

"Ndani?" anafunsa a Constance. Mawu awo ankatuluka molemera, mbali imodzi ya pakamwa itagwa.

Alefa anagwada pakhomo pa chipindacho. "Ndine Alefa, amayi. Ndine amene ndinawapangira a Kenny kompyuta ili umomo. Ili ndi vuto, ikhoza kuyaka moto. Ndiyenera kuizimitsa. Kiyi wa loko uyu ali kuti?"

"Kenny kulibe."

"Ndikudziwa, amayi. Kiyi ndi amene ndikufuna."

"Kiyi amayenda naye. Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Alefa anadzuka n'kukaika khutu pachitseko chokhomacho. M'kati mafani ankalira mokweza, ngati galimoto yokwera chitunda. Anawerama n'kununkhiza pansi pa chitseko. Fungo linalipo, lochepa koma losasokoneza: pulasitiki yotentha.

Anazungulira pabalaza kufunafuna swichi yaikulu ya magetsi a nyumba yonse. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, kukhitchini, pakhonde. Kenako anakumbukira kuti tsiku lija anaiona pakhoma la m'chipinda chomwecho, pamwamba pa tebulo la Kenny. Anathamangira panja kuwindo la chipindacho. Linali ndi zitsulo zotchingira akuba, ndipo katani inali yotseka.

Pakhonde lakuseri panali khasu. Analitenga n'kubwerera m'nyumba.

"Amayi, mundikhululukire. Ndithyola loko uyu. Ndidzakonzetsa ndekha."

A Constance ataona mtsikana wachilendo atanyamula khasu pakhomo la chipinda chimene munali makamera a mwana wawo, maso awo anatuluka. Anadzikoka pabedi ndi mkono wamoyowo.

"Akuba!" anakuwa. "Akuba kuno! Anthu inu!"

"Ayi, amayi, chonde!"

"Akubaaa!"

Alefa anamenya lokoyo. Khasu linaterereka n'kung'amba thabwa. Anamenyanso. Loko sanasunthe. Kunja kunamveka mapazi, zitseko zikutseguka, mawu akuitanizana. Asanamenye kachitatu, dzanja lamphamvu linagwira mpini kumbuyo kwake, lina linamugwira bulauzi pakhosi n'kumukokera panja.

Pabwalo panali patadzaza kale. Azimayi ena anali ndi zitenje m'manja, anyamata ena anali atatola miyala. Amene anamugwira anali bambo wamfupi wa mapewa otambalala, manja ake ali ndi simenti. Anthu ankamutchula kuti a Morris, ndipo ankamanga khitchini panyumba yoyandikana nayo, pamene anaunjika mchenga.

"Masana ano?" anatero a Morris. "Kubera munthu wodwala masana ano?"

"Sindine wakuba, abambo. Mundimvere. M'chipindamo muli..."

Mbama inachokera kumbali, kwa munthu amene sanamuone. Mlomo wake unang'ambikira pa dzino ndipo analawa magazi.

"Anzako ali kuti?"

"Amatuma akazi masiku ano, kuti tisawaganizire!"

"Mwezi watha anaba kwa a Peterson, ndi omwewa!"

"Bweretsani teyala!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo, ndipo ena anaseka, koma ena sanaseke.

Alefa ankadziwa zimene zimachitikira munthu wogwidwa chonchi anthu akapsa mtima, ndipo ankadziwa kuti kulira sikungamuthandize. Anasiya kuyang'ana gululo n'kuyang'ana a Morris okha, m'maso.

"Abambo, musandisiye. Ndigwireni chomwechi. Koma tiyeni limodzi pachitseko chija mukanunkhize pansi pake. Mukapanda kumva kanthu, mundichite zimene mukufuna."

"Ukufuna uthawe."

"Ndithawira kuti m'nyumba? Amayi aja sangathe kuyenda. Moto ukabuka, uyamba ndi iwo."

A Morris anamuyang'ana kwa kanthawi. Mwina anaona kuti wakuba sapempha kubwerera m'nyumba imene wagwidwamo. Anamukoka, atamugwirabe, n'kulowa naye pabalaza, anthu akukankhana pambuyo pawo. Anawerama pachitseko chokhomacho.

Sanafunikire kununkhiza. M'katimo munamveka kuphulika, kouma, ngati botolo lasweka pamoto. Magetsi a pabalaza anaphethira. Mafani anasiya kulira. Kenako utsi wakuda unayamba kutuluka pansi pa chitseko, ukukwawa pasimenti n'kuzungulira mapazi a a Morris.

"Moto!" anakuwa mayi wina, ndipo amene anali pakhomo anayamba kuthawira panja akupondana.

A Morris anamusiya Alefa. "Khasu lija!"

"Ayi, yambani mwatulutsa amayi!" anatero Alefa.

Azimayi awiri analowa kuchipinda n'kunyamula a Constance pamodzi ndi bulangete lawo. Mayiyo ankakuwabe, tsopano akuitana dzina la mwana wawo. A Morris analowetsa khasu pakati pa chitseko ndi felemu, n'kukanikiza ndi thupi lonse. Thabwa linalira, misomali inazuka, chitseko chinatseguka loko akadali wokhoma.

Utsi unawamenya kumaso. Kuseri kwa kompyuta kunkatuluka malawi aafupi achikasu, ndipo anali atagwira kale m'munsi mwa katani. Moto unkakwera nsaluyo mofulumira kulunjika kudenga. Pashelefu yapafupi panali zikwama za makamera ndi mabatire.

Mnyamata yemwe uja wa teyala anatulukira ndi ndowa ya madzi.

"Madzi ayi!" Alefa anamutchinga ndi mkono. "Magetsi akadalimo, mufa! Mchenga! A Morris, mchenga wanu uja!"

Anakoka bulauzi kutseka mphuno n'kulowa. Swichi yaikulu inali pamwamba pa tebulo, ndipo kuti aifikire anayenera kutambasula mkono pamwamba pa malawiwo. Anamva ubweya wa pamkono ukupserera. Zala zake zinapapasa khoma, zinapeza swichiyo, n'kuigwetsa. Kenako anagwira katani kumtunda kumene moto unali usanafike, n'kuikoka mpaka ndodo yake inagwa, n'kuyamba kuiponda.

A Morris anabwera ndi wilibala ya mchenga mpaka pabalaza. Anthu ankatapa ndi manja, ndi mbale, ndi fosholo, n'kumathira pakompyutapo ndi pakatani. Sipanatenge nthawi. Malawi anazima, panatsala utsi wonunkha ndi anthu akutsokomola.

Alefa anatuluka n'kukakhala pansi pakhonde. Mkono wake unali utafiira kuyambira pachigongono, ndipo tsopano ndi pamene unayamba kuwawa. Mayi wina anabwera ndi beseni la madzi ozizira n'kumuviikamo mkonowo. Amene anamumenya mbama sanadziwike. Anyamata a miyala aja anali ataitaya mwakachetechete m'mphepete mwa mpanda.

"Mutikhululukire, achemwali," anatero a Morris, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Kunoko atibera kokwanira. Mitu yathu siikhalanso bwino."

Alefa anangogwedeza mutu.

Kenny anafika dzuwa litapendeka, atavala suti, Salome ali pambuyo pake ndi kamera pakhosi. Munthu wina anali atapita kuholo ya ukwati kukawaitana. Kenny anathamangira kaye kwa mayi ake, amene anali atawagoneka pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala kwa a neba. Atawaona kuti ali bwino, analowa m'chipinda chake. Anakhalamo nthawi. Potuluka, nkhope yake inali itauma.

"A Alefa, si inu munandiuza kuti pawa sapulayi yanga yakale ndiitaye?"

"Ndine."

"Munati iyi ndidzaiwala kuti ilimo."

"Ndinatero. Nanenso ndamva lero lomwe kuti inapangidwa molakwika. Nditangomva ndinakuimbirani."

"Mayi anga akanapsera m'nyumba muno." Kenny analoza chipinda chopsacho. "Ndipo vidiyo imene inali mmenemo eni ake akunyamuka mawa kubwerera ku Joni. Ndikawauza chiyani? Kuti ukwati wawo wapsa?"

A Morris anafuna kulankhula, koma Alefa anadzuka. Anapempha sikuludiraiva, ndipo Kenny anamupatsa monyinyirika. Alefa anagwada pamchengapo n'kutsegula kompyuta yakudayo ndi dzanja limodzi. Pawa sapulayi inali itaphulika mbali imodzi, mawaya ake atasungunuka n'kumatirira pakhadi ya zithunzi. Khadiyo inali itatha. Koma disiki yosungira mavidiyo inali kutsogolo, kutali ndi moto, itangoda ndi mwaye. Anaimasula n'kuipukuta ndi chitenje cha mayi wa beseni uja.

"Sindikulonjeza," anatero. "Magetsi aja pophulika akhoza kukhala kuti anaipha. Tiyeni ku Limbe tikaione."

Alefa ndi Kenny anakwera minibasi. Kushopu, Alefa analumikiza disikiyo ku kompyuta yake n'kuyatsa. Kwa kanthawi palibe chinaoneka. Kenny anaima kumbuyo kwake atagwira mutu ndi manja awiri. Kenako mafayilo anatulukira, mzere wautali. Alefa anatsegula imodzi, ndipo pasikirini panaoneka mkwatibwi akutsika galimoto, azimayi akulululutira.

Kenny anakhala pansi pakatoni n'kubisa nkhope. Atadzutsa mutu, anayang'ana mlomo wotupa wa Alefa ngati akuuona koyamba.

"Anakumenyani?"

"Malizani vidiyo yanu pakompyuta yangayi," anatero Alefa. "Ndi yochedwa, koma ifika. Ine ndikubwera."

Anatenga pawa sapulayi yopsayo imene anabwera nayo kuchokera ku Chilobwe, n'kuikulunga m'pepala, n'kuwoloka msewu kupita kwa a Ayman. Anawapeza akutseka, makasitomala awiri akadali pakauntala. Anaika chitsulocho patsogolo pawo n'kuchivundukula. Fungo lake linadzaza sitolo.

"Iyi inali m'nyumba mmene muli mayi wosayenda," anatero. "Lolemba ndi kutali, a Ayman. Ena amene munawagulitsa muwaimbire pano, ine ndili pompano. Muwauze zoona, kuti azimitse ndi kuzula pakhoma."

A Ayman anayang'ana chitsulocho, anayang'ana mkono wa Alefa, anayang'ananso makasitomala aja amene anali atasiya zogula n'kumamvetsera. Anakoka mpando, n'kukhala, n'kutulutsa foni. Woyamba kumuimbira anali mwini situdiyo ya nyimbo ku Chitawira, ndipo Alefa anamva yekha munthuyo akukuwira wina kuti azimitse makina. Anakhala pomwepo mpaka womaliza anayankha.

Vidiyo ija inafika kwa eni ake m'mawa mwake asananyamuke. Lolemba Alefa anali pakhomo la ofesi ya m'tauni ija asanatsegule, ndipo anasintha pawa sapulayi yawo wina asanakhudze batani. Kampani ija inachedwa kuyankha za khadi ya Kenny, koma a Ayman sanadikire, anapereka ina ya m'sitolo mwawo. Nkhaniyo inamvekadi mu Limbe. Ena anasiya kugula kwa a Ayman, ndipo makasitomala angapo a Alefa anapita kwina osabwereranso.

Kompyuta yatsopano ya Kenny, Alefa anakaimangira ku Chilobwe komweko, patebulo latsopano, chifukwa Kenny anafuna kuona chilichonse cholowamo. Pa chipangizo chilichonse ankafunsa kuti chachokera kuti ndipo ena amene anachigula akuti bwanji, ndipo Alefa ankamuyankha zimene akudziwa, n'kumuuzanso zimene sakudziwa. Atamaliza anaipatsa ntchito yolemera n'kukhala pambali pake masana onse, nthawi ndi nthawi akuika dzanja kuseri kumva mpweya wotuluka.

A Constance anakana kukhala kuchipinda. Anauza Salome kuti awakhazike pampando pabalaza, moyang'ana m'chipindamo, ndipo anakhala pamenepo akuyang'anitsitsa mlendoyo ndi makina ake. Chakumadzulo Salome anabweretsa tiyi. Mayiwo anakankha mbale ya mbatata ndi dzanja lawo lamanzere mpaka inafika kumapeto kwa tebulo, mbali ya Alefa.

"Uzidya, iwe," anatero. "Mkonowo wapola?"

"Ukupola, amayi."

"Ubwere nawo kuno ndiuone."

Alefa anadzuka, n'kukagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kupinda mkono wa bulauzi.